Inu olalata pa Facebook, lamulo mukulidaliralo munaliwerenga?

Ana anga, inu amene muli pa ntchito zolembedwa, ndibwerekeni makutu. Zikundiwawa kuona anthu a nzeru zawo akutaya ntchito chifukwa cha chala chimodzi pa foni. Munthu wayambana ndi abwana masana, pofika madzulo walemba kale pa Facebook kuti kampani yawo ndi phanga la mbava. Ukamudzudzula akuti, "Tsambali ndi langa, lamulo limanditeteza." Lamulo lake liti?

Malamulo oteteza masamba a wantchito pa intaneti alipodi, sindikukana. Ku America anayambira m'chigawo cha Maryland mu 2012. Gwero lake linali mlonda wina wa ndende amene mu 2010 ankabwerera ku ntchito atapuma chifukwa cha imfa ya mayi ake. Pomufunsa mafunso kuti ayambirenso, anamuuza kuti apereke pasiwedi ya Facebook, ndipo wofunsayo analowa n'kumafufuza za m'katimo. Bamboyo anapereka poti ntchito ankaifuna. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu la ACLU linaikokera nkhaniyo poyera mpaka aphungu a kumeneko analetsa mchitidwewu. Illinois ndi California anatsatira chaka chomwecho, ndipo la ku New York linayamba kugwira ntchito mu March 2024. Zigawo zoposa 20 zili ndi lamulo lotere, koma limodzi lomanga dziko lonse la America pa nkhaniyi palibe. Ndiye iwe uli kwina, usanafunse n'komwe zimene malamulo a dziko lako amanena, ukudziguguda pachifuwa ndi lamulo la eni ake?

Tsono imvani chimene malamulo amenewa amaletsa. Bwana asakufunse pasiwedi ya tsamba lako. Asakukakamize kulitsegula iye ataima pambali n'kumasuzumira. Ukakana asakuchotse ntchito kapena kukumana mwayi wolembedwa. Mfundo zazikulu ndi zimenezo. Amateteza chitseko cha kuchipinda, koma zimene wayanika wekha pabwalo aliyense wodutsa ali ndi ufulu woziona, abwana ako omwe. Palibe khoti limene lidzawauze kuti atsinzine.

Ena mumati, "Ine zanga amaona ndi anzanga okha." Anzako angati? Mazana asanu, ena sunaonanepo nawo maso ndi maso, ena mukulimbirana nawo mpando umodzi ku ofesi. Mmodzi akangojambula sikirinishoti n'kutumizira abwana, bwanayo sanathyole chitseko cha munthu, zam'peza yekha ali khale. Ukafufuta m'mawa mowa utakuthera, chithunzi chija chili kale m'mafoni khumi. Zomwezi zimachitika m'magulu a WhatsApp a kuntchito, mmene anthu mumamasuka ngati muli kwanu. Nanga iwe amene unanama kuti ukudwala, tsiku lomwelo n'kuika zithunzi uli kuphwando, udzaloza chala ndani?

China chimene chimandidabwitsa ndi kusasamala ndi katundu wa kampani. Foni ndi yawo, laputopu ndi yawo, intaneti akulipira ndi iwo, koma iwe ndi mmene ukulemberamo zachikondi ndi madandaulo a m'banja. Malamulo ambiri aja amalola olemba ntchito kuyang'ana zipangizo zimene anagula okha ndiponso masamba otsegulidwira ntchito. Injiniya wina wa ku Romania anachotsedwa mu 2007 chifukwa cholemberana ndi mchimwene wake komanso bwenzi lake pa Yahoo Messenger ya kuntchito. Mabwana anamuikira patebulo masamba 45 a zimene analemba. Khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya, ku Strasbourg, linagamula mu 2017 kuti ufulu wake unaphwanyidwa, poti sanachenjezedwe bwino kuti mauthenga ake aziwerengedwa. Anapambana, inde, koma patapita zaka 10, zinsinsi zake zitawerengedwa kale ndi anthu osawadziwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndibwere kwa inu ofatsa mopitirira, amene mukangouzidwa kuti "tipatseni pasiwedi" mumapereka manja akunjenjemera. Ndikumvetsa, ntchito ndi yosowa. Koma m'bokosi la mauthengamo simuli zanu zokha. Muli mchemwali wanu amene anakuuzani za matenda ake, muli mnzanu amene anakuululirani za ngongole zake. Iwowo sanafunsire ntchito kumeneko, mukuwavula chifukwa chiyani? Ngakhale kampani ya Facebook inanena poyera mu March 2012 kuti kupereka kapena kupempha pasiwedi ya wina n'kuphwanya malamulo ake. Yankhani mwaulemu kuti pempholo akulembereni pa pepala. Kenako funsani ku bungwe lanu la ogwira ntchito kapena kwa wodziwa malamulo musanatsegule kalikonse.

Nanunso mabwana, manyazi akugwireni. Munalemba munthu kuti agwire ntchito, simunagule moyo wake wonse. Kutuma wantchito mmodzi kuti azizonda anzake pa intaneti n'kuwononga ofesi yanu yomwe.

Ngati abwana akulakwirani, dandaulo lili ndi njira yake: kalata yolembedwa bwino, yokhala ndi deti, kope lina n'kusunga kunyumba. Ndipo lero lomwe, musanagone, tulutsani masamba anu onse m'foni ndi m'kompyuta ya kampani, musinthe pasiwedi, muonenso mndandanda wa anthu amene mumawatcha anzanuwo dzina ndi dzina.