Pepala limene timapatsa odwala akamatuluka

Anzanga amene mumagwira ntchito m'makiliniki kuno ku America, tiyeni tikambirane za pepala lija timapatsa wodwala akamatuluka kwa dokotala. Pepalalo ndi lofunika kwambiri, koma kaperekedwe kathu kamandiwawa mumtima.

Chizolowezichi chinakhazikika ndi lamulo la HITECH la 2009, pomwe boma linaika ndalama zoti madokotala asiye mafayilo a mapepala n'kuyamba kulemba za odwala pa kompyuta. Dokotala ankatha kulandira mpaka $44,000 kudzera ku Medicare (inshuwalansi ya boma ya okalamba) kapena $63,750 kudzera ku Medicaid (inshuwalansi ya boma ya anthu opeza movutikira), bola asonyeze kuti kompyutayo akuigwiritsadi ntchito. Pulogalamuyo ankaitcha Meaningful Use. Limodzi mwa malamulo ake linali loti pa maulendo oposa theka a odwala, munthu alandire chidule cha zomwe zachitika pasanathe masiku atatu a ntchito. Gawo lachiwiri litayamba mu 2014, anachepetsa kufika tsiku limodzi. Kuyambira 2015, olephera kutsatira pulogalamuyo anayamba kudulidwa malipiro a Medicare.

Cholinga chake palibe angachitsutse. Munthu akakhala kuti akudwala, mantha ali thoo, zambiri zomwe dokotala wanena amaziiwala asanafike n'komwe pagalimoto. Vuto n'loti boma linkayang'ana chiwerengero cha mapepala operekedwa, ndipo makiliniki anaphunzira kudina batani kuti nambala ikwane. Muyeso umenewu anauchotsa mu 2015, koma kudina kuja kunatikanirira mpaka lero.

Taganizani za agogo a matenda a shuga. Tawanyamulitsa masamba ambirimbiri. Patsamba loyamba pali inshuwalansi ndi kulemera kwa thupi. Mkati muli mankhwala a shuga a metformin kawiri, mlingo wakale ndi watsopano, chifukwa palibe anachotsa wakalewo. Tsiku lobweranso labisala kumapeto m'zilembo zing'onozing'ono. Agogo apinda bwinobwino, aika m'chikwama, athokoza mwaulemu. Kompyuta yalemba kuti takwanitsa. Madzulo amwa mlingo uti?

Kwathu ku Malawi wodwala amayenda ndi kabuku kake ka kuchipatala. Kali ndi zofooka zake, nthawi zina zolembamo siziwerengeka, koma mwini wake amadziwa kuti n'kake, amakasunga m'pulasitiki kuti kasanyowe. Mtima umenewo ndi umene ndimafuna wodwala wa kuno akhale nawo pa pepala lake, ndipo sangakhale nawo ngati ife tikulipereka ngati lisiti ya m'sitolo.

Ine ndisanasindikize ndimayamba ndaona mndandanda wa mankhwala, ndipo ndikapeza zobwerezabwereza ndimabwerera kwa dokotala kuti akonze. Kenako ndimakhala pansi ndi wodwalayo, cholembera m'manja, n'kuzunguliza mankhwala amene asintha, tsiku lobweranso, ndi zizindikiro zoti akaziona asadikire kuti kuche. Ndikatero ndimati, "Agogo, tandiuzeni m'mawu anu, mukafika kunyumba mukamwa bwanji?" Ngati Chingerezi chikuwavuta, womasulira ayenera kukhalapo pa nthawi imeneyi, osati pokhapokha dokotala akuyankhula. Ndipo kunena kuti "zonse mukazipeza pa portal" (tsamba la pa intaneti pomwe wodwala amaona zolembedwa zake) kwa munthu amene sanatsegulepo imelo n'kumutaya.

Ndikudziwa kuti nthawi imatithina, odwala ali pamzere. Komabe inu oyang'anira makiliniki, mphindi zofotokozera pepalali muziike m'ndondomeko ya tsiku, ndipo muuze okonza pulogalamu ya kompyuta kuti mankhwala ndi tsiku lobweranso azikhala patsamba loyamba, m'zilembo zikuluzikulu.