Kwa abale a ku Britain amene mbiri ya ngongole inaipa

Ena amati mukangomaliza kubweza ngongole dzina limayera. Ayi ndithu, ku Britain sizili choncho. Chizindikiro cha default, chosonyeza kuti munalephera kubweza ngongole, chimakhala pa fayilo ya mbiri yanu ya ngongole zaka 6 kuchokera tsiku limene chinalembedwa, mulipire musalipire. Kulipira kumangosonyeza kuti nkhaniyo inatha. Chigamulo cha khoti chokulamulani kubweza ngongole (CCJ) nachonso ndi zaka 6, pokhapokha mutalipira zonse mwezi umodzi usanathe.

Yambani ndi kuitanitsa lipoti la mbiri yanu ya ngongole kwaulere ku makampani osunga mbiriyi, Experian, Equifax ndi TransUnion, konse kutatu, chifukwa zolemba zawo sizifanana. Kenako lembetsani m'kaundula wa ovota. Ambiri sadziwa kuti Mmalawi wokhala ndi chilolezo chokhala m'dzikomo amaloledwa, poti ndife a Commonwealth, ndipo obwereketsa amatsimikizira adiresi yanu m'menemo.

Khadi la ngongole tengani limodzi lokha, la malire ochepa. Ngati malire ndi £200, musapyole £50, ndipo ikani direct debit yolipira zonse mwezi ndi mwezi. Chimene chimagwetsa anthu ndi phuma: akakanidwa uku amathamangira uko, osadziwa kuti pempho lililonse limasiya chidindo chimene obwereketsa ena amachiona.