Lekani Kusewera ndi Mapiri a Matope, Ana Inu

Ana inu, ndaona makanema amene mukutumizirana m'mafoni mwanumo. Mnyamata waima m'mphepete mwenimweni mwa dzenje la matope obwata, wakhwatcha machesi, moto wabuka pamwamba pa thope, anzake m'manja wawawa. Wina wakwezera mwana wake pansonga pa kachulu ka matope kuti amujambule. Inu mwaseka. Ine mtima unangoti myuu, chifukwa chimene akupondacho ndikuchidziwa.

Phiri la matope ndi losiyana ndi phiri la moto lomwe munaphunzira kusukulu. Lija limalavula chiphalaphala cha miyala yosungunuka. Ili limatulutsa thope, madzi amchere ndi gasi, ndipo kawirikawiri thopelo limakhala lozizira, mungathe kuviikamo chala osapsa. Pamenepa ndi pomwe mukupusitsika. Kubwata mukuonako sikuchokera ku kutentha ayi, ndi gasi amene akuboola thope kuti atuluke.

Khalani pansi ndikuuzeni komwe zimachokera. Kalekale, zaka mamiliyoni zapitazo, mitsinje inkakokolola dothi, mchenga ndi zomera zakufa n'kukazitaya pansi pa nyanja. Zinaunjikana mofulumira, zina pamwamba pa zinzake, mpaka kuya makilomita angapo, moti madzi amene anali m'dongo la pansi anasowa mpata wothawira. Anatsekeredwa momwemo, akupsinjidwa ndi kulemera kwa zonse zili pamwamba. Zamoyo zakufa zija zinawola, zinaphikika ndi kutentha kwa pansi, n'kusanduka mafuta ndi gasi wotchedwa methane. Kuwonjezera apo, m'madera ena zigawo zikuluzikulu za nthaka zimakankhana, zikufinya dongolo monga mufinyira nsalu yonyowa. Tsono thope lodzaza gasi ndi lopepuka kuposa miyala yolipsinja, limangofuna kukwera. Likapeza mng'alu, kapena chivomezi chikaligwedeza, limakwera basi.

Chithupsa mumachidziwa. Pamwamba kamaoneka kadiso kakang'ono, koma mafinya adzaza mkati, ndipo tsiku lophulika sachita kulengeza. Kachulu kamene mukukwerapo ndi kadiso chabe. Muzu wake uli kutali pansi kumene maso anu safika.

Za machesi zija. Methane ndi gasi yemweyo amene makampani amakumba kuti anthu ayatsire moto. Saoneka, ndipo payekha alibe fungo. Ku Azerbaijan, m'mbali mwa nyanja ya Caspian, kuli mapiri a matope oposa 300, ndipo ena amayaka okha popanda woyatsa. La Lokbatan, pafupi ndi mzinda wa Baku, linaphulika ndi malawi a moto mu 2001. Mu July 2021 moto unabuka pachilumba cha Dashli pakati pa nyanjayo, anthu akuuona ali kumtunda. Ndiye chinthu choti chimayaka chokha, iwe n'kuchipititsiranso moto m'manja? Nzeru zimenezo munazitenga kuti?

Mundiuza kuti lomwe mumapitako inu ndi lofatsa, lakhala likungolavula timatope zaka zonsezi. Mverani izi. Pa 27 September 2014, ku Aragona pachilumba cha Sicily ku Italy, bambo wina anapita ndi ana ake awiri, wa zaka 7 ndi wa zaka 9, kukaona malo otchedwa Maccalube. Anali malo olandira alendo, timapiri take ting'onoting'ono, tozizira, tomwe anthu ankatidziwa ngati tofatsa. Mwadzidzidzi nthaka inaphulika, thope linawakwirira. Bamboyo anapulumutsidwa, koma ana onse awiri anamwalira. Ndikaganiza za bambo ameneyo misozi imalengeza. Anawa sanayatse moto, sanachite chibwana chilichonse. Ngati zinawagwera iwo, nanga inu amene mumalumpha mpanda, kunyoza chikwangwani ndi kuseka mlonda akamakuletsani?

Chinanso chimene simuchiganizira ndi pomwe mwapondapo. Thope likauma ndi dzuwa limachita chikhokho cholimba, chong'ambikang'ambika ngati nthaka wamba, koma pansi pake pakadali phala. Chikathyoka mwendo umalowa, ndipo thope loterolo limagwira, ukamaphiriphitha m'pamene umamirirako. Mnzako wobwera kudzakukoka nayenso amathyola pake.

Ndikudziwa kuti ku Colombia, paphiri la Totumo, alendo amatsika pamakwerero n'kusamba m'thope, ndipo amatuluka bwinobwino. Chabwino. Koma lililonse lili ndi khalidwe lake, ndipo sungalidziwe pongoliyang'ana. Safunsa anadya phula.

Akuluakulu anzanga, nanu musaganize kuti ndikukalipira ana okha. Pa 29 May 2006, ku Sidoarjo pachilumba cha Java ku Indonesia, thope lotentha linatumphuka m'munda, pafupi ndi pomwe kampani ina inkakumba chitsime cha gasi. Akatswiri ambiri amati kukumbako ndi kumene kunaboola thope lopanikizika, ena amaloza chivomezi chomwe chinagwedeza mzinda wa Yogyakarta masiku awiri m'mbuyo mwake. Mkanganowo n'ngwawo. Chimene anthu a kumeneko anaona n'chakuti midzi, masukulu, mizikiti, mafakitale ndi manda zinamira, anthu masauzande makumi angapo n'kusamuka osadzabwereranso. Litafika pachimake linkalavula thope lokwana makyubiki mita 180,000 patsiku. Mu November chaka chomwecho nthaka inatitimira, paipi ya gasi inaphulika, anthu 13 anafa. Mu 2007 anayesa kutseka pakamwa pake poponyamo mipira ya konkire yomangidwa ndi matcheni, koma sizinaphule kanthu. Amene mumavomereza zokumba pansi, amene mumagawa malo omangapo nyumba pafupi ndi timachulu totuluka thope chifukwa malowo ndi otchipa, nkhani imeneyi ndi yanu.

Nthawi zina nthaka imachenjezako. Ku Piparo, pachilumba cha Trinidad, mu February 1997, anthu anamva kugunda ndi kunjenjemera kwa pansi, anathawa. Thope linakwirira nyumba ndi magalimoto, koma eni ake anapulumuka chifukwa sanaime kuti aonerere.

Tsono mukapita kumalo oterewa, yendani m'njira yomwe yaikidwa, mwana mumugwire dzanja, ndudu ndi machesi zitsale m'galimoto. Mukaona ming'alu yatsopano, mukamva kusosola kapena kugunda pansi pa mapazi, kubwata kukawonjezeka kapena kusiya mwadzidzidzi, chokanipo nthawi yomweyo, mulowere komwe kukuchokera mphepo, mukauze oyang'anira malowo. Foni ikagwera m'thope isiyeni momwemo. Ndipo iwe mnyamata wa machesi, ngati ukuwerenga izi, kanema ujayo ufufute, ang'ono ako akumuonera.