Kalata ya mwana wa mlongo wanga yandisowetsa tulo

Lachiwiri madzulo mwana wa mlongo wanga anandipeza pakhonde kuno ku Chitakale m'boma la Mulanje, kalata ili m'manja. Akufunsira ukalaliki ku esiteti ina ya tiyi. "Amalume, tangoiwonani pang'ono, mawa ndikufuna ndikasiye." Mzere woyamba unali wakuti "Am a boy aged 22 and am writting to apply a job." Chapakati anati sakufuna "to loose this chance", ndipo potchula mayi ake omubala analemba "he". M'kalata monsemo mpumiro unali umodzi wokha, kumapeto. Mnyamatayu ali ndi MSCE, setifiketi yomwe a MANEB sapereka kwa munthu amene walephera Chingerezi. Mtima unandiwawa kwambiri.

Ndagwira choko ku pulayimale zaka zambiri, choncho zolakwika zina ndimadziwa kumene zimachokera, ndipo sindikwiya nazo. Ife timati "iye", kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, n'chifukwa chake he ndi she zimatipulumuka. Timati "ndibwerekeni cholembera", mwana n'kunena "borrow me". Pochoka pagulu pang'ono timatsanzika kuti "ndikubwera", ndiye mumva "I am coming" munthu akutuluka pakhomo. L ndi r kwathu kuno sizisiyanitsa tanthauzo: wina alemba Chingerezi, wina Chingelezi, palibe amasochera. Koma pray ndi play ndi nkhani ziwiri, kupemphera ndi kusewera. Pamenepa n'Chichewa chikusuzumira kumbuyo kwa Chingerezi. Mwanayo akuganiza, akumasulira, ndipo ukamulongosolera kawiri katatu amagwira.

Chimene chikundidya ine ndi kusasamala. Kutaya "I" n'kuyamba chiganizo ndi "Am" ndi chizolowezi chimene chafala pafoni. Kusokoneza there ndi their, kulemba dzina lako lomwe ndi chilembo chaching'ono, zonsezi munthu angazigwire atangobwereza kuwerenga. Ndinamuuza mnyamata uja kuti, "Tawerenga mokweza, ine ndikumvetsera." Asanafike pakati anali atapeza yekha malo anayi olakwika. Ndiye kuti amadziwa! Sanazolowere chabe kubwerera pa zimene walemba, poti pa WhatsApp ukalemba umangotumiza, zatha.

Ndipo musaganize kuti ndikulira Chingerezi chokha. Taonani Chichewa chimene timatumizirana: "mw bwj", "zkm", "ndi kubwera mawa" pomwe munthu akutanthauza "ndikubwera". Yendani pa Limbuli tsiku la msika muwerenge zikwangwani za m'magolosale ndi mometera tsitsi. Munthu walipira ndalama zake kwa wolemba, penti yauma, mawu olakwika akhala pamenepo zaka, ana a sukulu n'kumadutsa m'mawa uliwonse akuwaloweza. Dzanja lomwe silisamala chiyankhulo chimene linayamwira silingasamale chobwera.

Ana okha sindingawasenzetse mlandu. Mu 1994, sukulu ya pulayimale itakhala yaulere, ana opitirira miliyoni imodzi anawonjezekera nthawi imodzi. Chinali chinthu chabwino, ana a othyola tiyi ambiri analowera pamenepo, koma makalasi, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke molingana. Ine ndaimapo kutsogolo kwa ana oposa 100, ena pansi pa mtengo. Ndiuzeni, makope 100 a chimangirizo ungachonge bwanji sabata iliyonse, n'kumuitana mwana aliyense kumuonetsa pamene mneni wake wapendekeka? Zimene zinayamba kufa ndi lembetso ndi chimangirizo, chifukwa ndi zimene zimadya nthawi ya mphunzitsi. M'malo mwake kunabwera manotsi oloweza. Lamulo la maphunziro la 2013 linati Chingerezi ndicho chikhale chophunzitsira, koma lamulo silichonga kope. Kwa ine, mwana wa ku Muloza ayambe wadziwa kuwerenga bwinobwino chiyankhulo chimene amamva, Chingerezi chidzapeza pokhazikika.

Ndikudziwa ena muti Chingerezi si nzeru. N'zoona. Mayi anga anathyola tiyi moyo wawo wonse, sanalembepo liwu limodzi la Chingerezi, koma milandu ya pabanja inkathera pa mkeka wawo. Vuto n'lakuti wotsegula maenvelopu ku ofesi sakuona nkhope ya mwana wathu, sakudziwa kuti ndi waulemu, wolimbikira, wodzuka nkhuku zisanalire. Akuona pepala. Makalata akakhala mulu patebulo, ya "Am writting" ndi imene imayamba kukankhidwira pambali, mwana n'kubwera kunyumba kumati ntchito n'za achibale okhaokha.

Makolo anzanga, bandulo timawagulira anawa. Nyuzipepala imodzi ya Loweruka, ngakhale yakale, bwanji osaisiya patebulo n'kumuuza mwana akuwerengereni mokweza inu mukusenda chinangwa?

Mnyamata uja anailemba katatu kalatayo usiku womwewo, yachitatu ndiyo inalowa mu envelopu. M'mawa anakwera kabaza kukasiya. Tapangana kuti Loweruka lililonse azindibweretsera tsamba limodzi, alembe chilichonse, kaya za mpira, kaya za mvula ya m'phiri. Anati abwera ndi anzake awiri. Ndawauza kuti aliyense adzitengere cholembera chake, foni idzakhale m'thumba.