Ngati mwandikakamiza OTP, ndiye ifike

Ndikulemba izi manja akunjenjemera, ndipo si chifukwa cha kuzizira kwa Mzuzu ayi. Dzulo usiku banki yanga inandisandutsa mbava pa ndalama zanga zomwe.

Mwana wa achemwali anga, amene ndikukhala naye kuno ku Chibavi, akulemba mayeso a zowerengera ndalama, aja olipira ku UK pa intaneti. Dzulo linali tsiku lomaliza kulipira popanda chindapusa cha kuchedwa. Ndalama zinalipo, ndinakaziika ndekha ku akaunti Lolemba nditaima pamzere mpaka miyendo kuchita dzanzi. Cha m'ma 8 koloko tinakhala pa tebulo, laputopu patsogolo, khadi m'manja. Ndinalemba manambala 16 aja, mwezi ndi chaka chothera khadi, ndi timanambala titatu takumbuyo tija. Kenaka tsamba n'kutembenuka, ati takutumizirani pa foni nambala yachinsinsi yogwira ntchito kamodzi, ija amati OTP, ilembeni apa. M'munsi mwake kawotchi kakuwerenga chobwerera.

Tinadikira. Foni ili zii. Mwana uja anaitenga n'kutuluka nayo panja, kukaima pafupi ndi mtengo wa mapeyala, mvula yowaza ikumunyowetsa, dzanja m'mwamba ngati akufuna kuyankha funso m'kalasi. Palibe. Kawotchi kanatha. Tinayambiranso, chimodzimodzi. Ulendo wachitatu uthenga unalowa, ife kumwetulira, kulemba manambala 6 aja mwachangu. Ati ndi yolakwika. Inali nambala ya ulendo woyamba uja, yafika itafa kale. Pomwepo khadi n'kutsekedwa, ati mwayesa kambirimbiri. Cha m'ma 11 mauthenga ena awiri n'kulowa motsogozana, ngati achibale ofika pa maliro anthu atachoka kale kumanda.

Tsono ndifunse inu a ku banki. Nambala imene mwaipatsa moyo wa mphindi zochepa, n'kuitumiza pa njira imene imatenga maola atatu, mukuteteza nayo ndani? Ine sindinapemphe nambalayi. Munaiika ndinu, n'kunena kuti popanda iyo ndalama zanga sizituluka. Chabwino, ndavomera. Ndiye ifike. Mlonda amene amakhoma geti n'kupita ndi kiyi ku mowa, mwini nyumba n'kugona panja, ameneyo si mlonda. Ukaipa dziwa nyimbo, anatero akuluakulu. Mwatiwonjezera chipsinjo, bwanji osachita kuti chipsinjocho chizigwira ntchito?

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti foni yomweyi mauthenga ena salephera kufika. Wa "ndalama ija tumizani pa nambala iyi" amafika, ngakhale pakati pa usiku. Wotsatsa nyimbo zoti anthu azimvera akamakuimbira amafika. Uthenga wa banki yomweyi wondiuza kuti andidula ndalama ya pamwezi sunaphonyepo ndi kamodzi komwe, umalowa ngakhale ndili kumudzi kumene foni timachita kuikoleka pa mtengo. Koma nambala imodzi yokha imene ndikuifuna, ndili pakati pa mzinda, ndiyo imasochera. Ikasochera kuti?

M'mawa uno ndinakwera sacramento, njinga ya kabaza ya kuno, mpaka m'tauni, matope thope thope m'buluku, kukatsegulitsa khadi. Mtsikana wa pa desiki anali waulemu ndithu, sindimunena. "Pepani bambo, ndi netiweki." Ndinamuuza kuti, mayi, usiku wonse WhatsApp imagwira, tsamba lolipirira limatseguka bwinobwino, netiweki yake iti? Ati mauthenga amadutsira kwa a kampani ya mafoni. Ndikudziwa kale kuti ndikapita kwa a mafoni akandiuza kuti vuto ndi la banki. Aliyense akuloza mnzake, chindapusa ndilipira ndine.

Ndiye ndinafunsa poyera: mulibe khadi losafunsa zinthu zimenezi? Ndipatseni limenelo, kaya la Visa kaya la Mastercard, kaya ndi la ngongole lija mumapatsa mabwana, ndisaina paliponse pamene mukufuna. Anaseka. Ati kulibe, makhadi onse amatero. Ndipo n'zoona, si nkhani ya mtundu wa khadi. Dongosololi amalitcha 3-D Secure, a Visa analiyambitsa mu 2001 ndi dzina loti Verified by Visa (VBV), a Mastercard lawo ankalitcha SecureCode. Wogulitsa ndi amene amaliitana, banki imene inakupatsa khadi ndi imene imayenera kutsimikiza kuti ndiwedi. N'chifukwa chake khadi lomwelo ku masamba ena limangodutsa osafunsidwa kanthu, kwina n'kuimitsidwa pa chipata. Zaka zoposa 20 chiyambire chinthuchi, ife kuno tikanaimabe pansi pa mtengo wa mapeyala kudikira SMS.

Nditadandaula m'gulu lina la pa WhatsApp, mnyamata wina anandilembera kumbali. "Akulu, osavutika, ndili ndi makhadi osafunsa OTP, ndi non-VBV, mungotumiza kangachepe." Iwe, ukundiyesa mwana? Khadi limene silili m'dzina langa, lokhala ndi ndalama zimene sindinaikemo, ndi la ndani? Ndi la munthu wina amene akagona akudziwa kuti ali ndi ndalama, n'kudzuka akaunti ili mbee. Apo ayi kulibe khadi n'komwe, akungofuna kangachepe kangako. Ndinamubuloka. Koma taonani kumene mukutikankhira a banki. Munthu wolungama, ndalama zake zili mu akaunti, mpaka kufika pomalemberedwa ndi akuba chifukwa choti njira yoongoka mwaitseka ndi kusasamala kwanu. Mnzanga wina wa ku Luwinga amene amaitanitsa zipangizo za mafoni anasiya kale kulimbana nazo, amangotumiza ndalama kwa mlamu wake ku Johannesburg kuti amulipirire. Ndiye khadi tikulisungira chiyani m'chikwama? Kukongoletsa?

Musandimve molakwa anzanga, ndiponso a ndemanga za "chitetezo n'chofunika" musavutike kulemba, ndikudziwa. Akuba alipo, ndipo ndani mwa ife amene alibe m'bale amene anaimbiridwa foni ndi munthu wonamizira kuti ndi wa ku banki, n'kumuwerengera yekha nambala yachinsinsi? Sindikuti muchotse loko. Ndikuti kiyi mundipatse. Pa foni yanga pali app ya banki yomweyi, imene imandidziwa ndi chala changa. Mabanki a kunja munthu amangotsegula app n'kuvomereza, basi zatheka. Imelo yanga muli nayo, munandilembetsa pa fomu pamodzi ndi chiphaso cha unzika, mudzi, mfumu ndi T/A, mpaka kundijambulitsa mapu a kunyumba kwanga. Zonsezo munazifuna, ndinakupatsani. Nambala ya manambala 6 yokha ndiye yakukanikani kundifikitsira?

Ifike. Ndi zokhazo. Ikachedwa, musanditsekere khadi ngati kulakwa n'kwanga. Ndipo mukatseka usiku, pakhale munthu woyankha foni usiku womwewo, osati kanyimbo kondiuza kuti ndine kasitomala wofunika kwinaku mayunitsi akutha.

Ndipo nkhani ya chindapusayo isandiyambitse. Chili m'mapaundi. Chichokereni pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kandalama kamene ku UK amakaona ngati ka tiyi, kuno ndi thumba la chimanga ndi ndiwo zake. Khadi alitsegula, inde, koma pondiperekeza mtsikana uja wandinong'oneza kuti ndiyese msanga, chifukwa malire a ndalama zakunja zimene khadi lingalipire amasinthasintha malinga ndi mmene forex ilili. Ndiye kuti ngakhale OTP itafika lero, ndikhoza kuuzidwanso kuti madola kulibe. Mafuta tiime pamzere, shuga tiime pamzere, pano ndi pa intaneti pomwe tiziima pamzere? Mwana uja wakhala chete kuyambira m'mawa, akuganiza kuti wandiwonongetsa ndalama ndi iyeyo.