Mtima wa mwana umayamba kuumbidwa ali m'mimba

Zoti thanzi la mayi woyembekezera limakhudza mtima wa mwana mpaka atakula, n'zoona ndithu. Ku Netherlands kunagwa njala yoopsa kuyambira 1944 mpaka 1945. Ana amene mayi awo anakumana ndi njalayo mimba ili yaing'ono, ambiri anadzadwala mtima atakula kuposa anzawo. Patapita zaka pafupifupi 60, asayansi anapeza kuti jini yawo ya IGF2 (kachigawo ka DNA, malangizo achibadwa a m'thupi, kamene kamathandiza mwana kukula m'mimba) inali ndi methylation yochepa poyerekeza ndi abale awo a mimba imodzi amene njalayo sinawakhudze ali m'mimba. Methylation ndi timankhwala tomata pa DNA timene timawongolera mmene jini imagwirira ntchito. DNA sinasinthe ayi, chinasintha ndi kagwiridwe ntchito ka majiniwo.

Koma chonde tisamangoloza chala amayi. Mayi wa BP yokwera kapena shuga amafunika womuperekeza kusikelo, ndipo bambo wosutira fodya m'nyumba akuvulazanso mwana wosabadwayo.