Kuno amakubaya akumwetulira

Inu muli pa Blantyre mukusaka visa ya ku UK kapena tikiti ya ku Joni pa Wenela, anthu akuuzani za kuzizira ndi lendi. Za mawu okoma a kunja kuno palibe akukuchenjezani. Kwathu munthu akakwiya nkhope imanena yokha, koma kuno mano ali mbee, mkati akukunyoza.

Namwino wachoka pa Queens, wakhoza mayeso a Chingerezi a IELTS ndi 7 monga imafunira NMC, bungwe loyang'anira anamwino ku UK, wafika kumeneko, mnzake wa pantchito n'kumati "Your English is so good!" Kumeneko si kuyamikira ayi, akudabwa kuti Mmalawi angalankhule Chingerezi chimene analembera MSCE. "Good for you" muzimvetsera kamvekedwe: akanena mouma maso ali pa foni, zanuzo alibe nazo ntchito. Akayamba ndi "with respect", ulemu wathera pomwepo.

Zoopsa zili mu imelo. Mukaona "as per my last email" ndipo manijala waikidwa pa cc kuti nayenso aione imeloyo, dziwani kuti munthuyo akusonkhanitsa umboni. Yankhani tsiku lomwelo, tchulani tsiku ndi nthawi imene munagwira ntchitoyo, ndipo musayambe ndi "sorry". Ife pepani timanena ngakhale munthu wapunthwa yekha pamwala, koma ku care home, nyumba yosamaliramo okalamba, agogo akagwa inu n'kulemba "sorry" mu lipoti, ena amawerenga ngati mwavomera mlandu. Lembani nthawi, malo, mmene munawapezera ndi amene munamudziwitsa, basi.

Ku Joni samalani ndi "my friend". Mwini nyumba kapena wapolisi akakuitanani choncho, akukukumbutsani kuti ndinu obwera, ndipo chotsatira ndi lendi kukwera kapena kufunsidwa pasipoti. "Shame" yokha musakwiye nayo, kumeneko ndi chisoni chenicheni.

Chowawa n'chakuti ulemu wathunso amaumva mokhota. Kumuitana manijala wa ku Leeds kuti "madam" kapena "boss" amaona ngati mukumugemula, iye amafuna dzina lake loyamba, ngakhale ali msinkhu wa amayi anu. "My dear" mu imelo amati mukumuchepetsa. "Noted" yokhayokha amati mwanyanyala. Nanga "mwanenepatu" amene timalonjerana naye pa Chileka monyadira? Mukayerekeza kumuuza mzungu Lolemba m'mawa, masana ake mukhala muli ku HR, ofesi yoona za ogwira ntchito, mukufotokoza kuti kwanu kunenepa ndi mtendere, iwo akugwedeza mutu n'kumati "how interesting".